Musanawononge Ndalama pa Lamba wa Dzina Lotchuka, Muyeseni Chonchi

Lamba amafera pa bowo. Chitsulo chake chikhoza kumanyezimirabe, dzina lomwe adadinda kuseri likhoza kumawerengekabe bwinobwino, koma pa bowo lija mumalowetsapo kamsomali m'mawa uliwonse pakangoyamba kung'aluka, basi, ntchito yake yatha.

Ine ndidaphunzira izi ndi lamba wina wakuda, wosalala ngati galasi, amene adandidyera ndalama zokwana kugulira nsapato zabwino. Adabwera m'kabokosi, atakulungidwa m'kathumba kansalu kofewa. Patatha miyezi 8, pa bowo lachitatu padaoneka kamzere. Kamzereko kadakula, ndipo tsiku lina chikopa cha pamwamba chidangosendeka ngati njoka ikufundula. M'kati mudali chinthu chotuwa, chonyenyeka, chosasiyana ndi katoni. Wosoka nsapato amene ndidamupititsira adangomutembenuza kawiri n'kundibwezera, akuti padalibe pogwira singano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chichokereni tsikulo, funso loti lamba wodula ndi woyenera mtengo wake kapena ayi ndimaliyankha nditamugwira m'manja. Ena mwa malamba a mayina otchuka ndi abwino zedi. Ena ndi malamba wamba ovekedwa chitsulo chodziwika. Kapepala ka mtengo sikangakuuzeni kuti mwagwira uti, ndiye tsatani njira iyi.

Yambani mwadzifunsa chomwe mukugula

Mtengo wa lamba wotere wanyamula zinthu ziwiri: chikopa ndi ntchito ya manja mbali ino, dzina mbali inayo. Mayinawa sadangogwa kumwamba ayi. Thierry Hermès adatsegula malo ake ku Paris mu 1837 akusoka zomangira akavalo, ntchito yoti msoko ukaduka, ngolo imatha kugubuduka ndi anthu. Louis Vuitton adayamba mu 1854, ku Paris komweko, akupanga mabokosi a apaulendo. Guccio Gucci adatsegula sitolo yake ku Florence mu 1921. Luso lidalipo, ndipo lina lidakalipo.

Koma taonani mmene ndalama zimayendera lero. LVMH, kampani yomwe ndi mwini wa Louis Vuitton ndi Dior, idagulitsa katundu wa mayuro 86 biliyoni mu 2023. Pa mayuro 100 aliwonse, pafupifupi 31 ndi omwe adapita popanga katunduyo, ndipo zomwe adawonongera potsatsa malonda ndi kuyendetsa masitolo zidaposa pamenepo. Chiwerengerochi n'cha katundu wawo yense, mafuta onunkhira, mawotchi ndi zakumwa zomwe, koma chikukupatsani chithunzi. Mbali yaikulu ya ndalama zanu ikulipirira sitolo yokongola ija, zithunzi za m'magazini ndi kabokosi kaja.

Kugula dzina si mlandu. Ngati chomwe mtima wanu ukufuna ndi chilembo cha H cha Hermès kapena ma G awiri a Gucci pamimba, gulani mukudziwa kuti n'chomwe mwagula. Chowawa ndi kulipira mtengo wa dzina uku mukuganiza kuti mukugula lamba wa moyo wanu wonse.

Funsani kuti ndi chikopa chanji, ndipo musalole yankho lozungulira

Apa mpofunika kuchedwapo. Chikopa cha ng'ombe n'chochindikala kwambiri, moti ku fakitale amachilenga pawiri ndi makina, gawo la pamwamba ndi gawo la pansi. Mphamvu yake ili pamwamba, kumene kudali ubweya, chifukwa kumeneko timinyewa take n'tolukana mothinana. Mukamatsikira kumene kudali nyama, timinyewato timanka titayana.

Mawu omwe mudzawapeze pa lamba kapena pa intaneti ndi awa. Akalemba kuti full grain, ndiye kuti ndi gawo la pamwamba lija losapalidwa, ndipo ndilo lolimba koposa. Mukaliyang'anitsitsa mumaona timabowo ta ubweya, nthawi zina kachipsera komwe ng'ombe idakalidwa ndi minga. Akati top grain, nthawi zambiri ndi gawo lomwelo koma alipala pang'ono kuti zipsera zichoke, n'kulipaka utoto. Ndi chikopa chabwinobe. Gawo la pansi lija, lomwe amalitcha split, amalikuta ndi pulasitiki n'kudindapo timizere kuti lioneke ngati la pamwamba, ndipo ndi limene limakonda kusendeka. Pansi penipeni pali bonded leather, zinyenyeswa za zikopa zopera n'kuziumba ndi guluu, monga amachitira ndi utuchi popanga matabwa otchipa aja.

Nanga genuine leather? Mawuwa amapusitsa anthu ambiri chifukwa amamveka ngati lumbiro. Tanthauzo lake n'loti muli chikopa cha nyama, basi. Sakunena kuti ndi gawo liti. Wopanga amene wagwiritsa ntchito chikopa chabwino sabisa, amatchula mtundu wake, mwinanso ndi komwe adachigula. Chimodzimodzi mawu oti Made in Italy: lamulo la mayiko a European Union limayang'ana komwe ntchito yaikulu yomaliza idachitikira, silinena kanthu za mtundu wa chikopa kapena komwe ng'ombe idachokera.

Chinanso, si lamba aliyense wodula amene pamwamba pake ndi chikopa. Maluwa ndi zilembo za LV zodziwika zija za Louis Vuitton, zomwe zidayamba mu 1896, zimadindidwa pa nsalu yolimba yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo GG Supreme ya Gucci nayonso ndi nsalu yokutidwa. Makampaniwo sabisa zimenezi, amalemba poyera. Nsaluyo siopa madontho a mvula, koma siikalamba ngati chikopa, ikatha, yatha.

Tsopano mugwireni

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musachite manyazi ndi wogulitsa, ndalama ndi zanu.

Yambani ndi bowo. Lozetsani lamba kowala n'kusuzumira m'kati mwa bowolo, chifukwa ndi malo okhawo amene wopanga amavutika kubisa. Lamba wa chikopa chimodzi amaonetsa chinthu chimodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, cha timinyewa. Mukaona mizere itatu, kachikopa kopyapyala pamwamba, kena pansi, ndipo pakati pali china cha mtundu wina, dziwani kuti ndi lamba womata. Womata si woipa nthawi zonse. Malamba ambiri ovalira suti amapangidwa choncho, ndi chikopa chofewa cha mwana wa ng'ombe pamwamba, ndipo oti mutha kuvala mbali zonse ziwiri sangapangidwe mwanjira ina. Nkhani ili pa chomwe chili pakatipo. Ngati ndi chikopa, zili bwino. Ngati ndi chinthu chosalala chonga pepala kapena siponji, mubwezeni pomwe mwamutenga, kaya dzina lake ndi lotani.

Kenako m'mphepete. Pali njira ziwiri zomalizira m'mphepete mwa lamba. Ena amakhula ndi kamtengo ndi phula mpaka kusalala, ndipo izi zimatheka bwino pa chikopa chimodzi cholimba. Ena amapaka penti wochindikala. Penti wopakidwa mwaluso, kangapo konse, amakhala zaka, koma ndi yemwenso amabisa katoni uja. Yendetsani chala m'mphepetemo. Mukamva timabampu, kapena pentiyo akuoneka ngati labala womatidwa, adzayamba kuthetheka pomwe lamba amapindika.

Mupindeni pang'ono pafupi ndi mabowo, osati mom'thyola, monga momwe amapindikira akamalowa m'chitsulo. Chikopa chabwino chimachita timakwinya ting'onoting'ono, ndipo mukachisiya timatha. Chokutidwa ndi pulasitiki chimachita makwinya akuluakulu otukuka, ngati pamwamba pakufuna kusiyana ndi pansi. Ndi pomwepo pamene padzamatuke.

Mutembenuzeni. Kuseri kwa lamba wa chikopa chimodzi kumakhala kothinana, kosalala kapena kwa tiubweya tatifupi. Kukakhala nyankhalala, timinyewa titalitali totayana, n'kutheka kuti adamudula cha kumimba kwa ng'ombe. Chikopa cha kumimba chimatamuka, n'chifukwa chake opanga odziwa ntchito amadula malamba cha kumsana ndi kumbuyo. Lamba wa kumimba, pakatha miyezi, mabowo ake amatalika ngati diso la munthu watulo.

Kuchindikala nako kuyeseni. Lamba wovalira jinzi wa chikopa chimodzi amayenera kukhala wa mamilimita 3.5 mpaka 4. Amisiri ena amayeza zikopa ndi ma ounce, ndipo ounce imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.4, kotero mukawerenga kuti 9 kapena 10 oz ndi zomwezo. Wovalira suti amakhala wopyapyala kuposa apo.

Ngati ali ndi msoko, onani ngati ulusi ukuyenda mowongoka, motalikirana mofanana, komanso ngati kumapeto adaubweza bwino. Pomaliza mununkhizeni. Mphuno siinama kawirikawiri: fungo la guluu kapena la pulasitiki yatsopano lisakhale loposa la chikopa.

Dziwani momwe adachifufutira

Chikopa chosafufuta chimaola, ndiye pali njira ziwiri zazikulu zochifufutira. Yakale ndi ya makungwa a mitengo, monga oak, chestnut, mimosa ndi quebracho, ndipo imatenga masabata kapena miyezi. Ku Colyton, m'chigawo cha Devon ku England, a fakitale ya J. & F.J. Baker adatchuka ndi kusiya zikopa m'maenje a makungwa a oak pafupifupi chaka chathunthu. Ku Italy, dera la Santa Croce sull'Arno ku Tuscany limadziwika ndi ntchito yomweyi. Njira inayo ndi ya mchere wa chromium, yomwe idafala Augustus Schultz atailembetsa ku America mu 1884. Iyi imatha m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zikopa zambiri padziko lapansi lero zimafufutidwa choncho.

Kwa lamba, ine ndimakondera cha makungwa. N'cholimba, sichitamuka msanga, chimayamba chili gwaa koma pakapita masabata chimatsata chiuno cha mwini wake, ndipo mtundu wake umanka ukhwima ndi zaka. Cha chromium n'chofewa, chimalandira utoto wowala, ndipo sichithimbirira msanga ndi madzi. Ambiri mwa malamba a mayina otchuka ndi otere. Samalani apa: chikopa cha chromium chimatha kuoneka chotuwa mobiriwirako m'kati mwa bowo. Musachisokoneze ndi katoni. Chikopa chili ndi timinyewa, katoni alibe.

Wopanga akakutchulirani fakitale yomwe idafufuta chikopa chake, monga Horween ya ku Chicago yomwe idayamba mu 1905, kapena Hermann Oak ya ku St. Louis, ndi chizindikiro chabwino. Amisiri ang'onoang'ono ambiri amagula zikopa kumeneko, ndipo malamba awo sayandikira n'komwe mtengo wa a mayina aja.

Chitsulo

Pa lamba wa dzina, chitsulo ndiye mwini nkhani. Zitsulo zolimba ndi za mkuwa weniweni, uja wosakaniza ndi zinki, ndi za chitsulo chosachita dzimbiri. Zambiri zotchipa amaziumba ndi zamak, yomwe mbali yake yaikulu ndi zinki, n'kuzikuta pamwamba kuti ziwale ngati golide kapena siliva. Chokutiracho chikakalika, pansi pamatuluka mtundu wotuwa, ndipo zamak ikagwa pa simenti imatha kuthyoka. Anthu amalangizana kuti muyese ndi maginito, koma maginito sagwira mkuwa ndiponso sagwira zamak, choncho sangakulekanitsireni ziwirizi. Chomwe chingakuthandizeni ndi kulemera, popeza mkuwa ndi wolemererapo, komanso mawu oti solid brass omwe amadinda kuseri.

Zitsulo za mayina akuluakulu nazonso zimakhala zokutidwa, ndi golide kapena palladium, chitsulo chodula choyera ngati siliva, ndipo zimakalika ndithu zikamakhulana ndi mphepete mwa tebulo. Chilembo chachikulu chosalala chimaonetsa kukalika kulikonse.

Onaninso momwe chitsulocho adachilumikizira. Ngati pali timasikuluwu kapena mabatani odina, mutha kudzasintha chitsulo kapena kufupikitsa lamba. A Hermès amagulitsa chikopa pachokha ndi chitsulo pachokha, ndiye chikopa chikatha simutaya zonse. Ndipo ngati pansi pa mchombo pamakutulukani tiziphuphu toyabwa pomwe chitsulo chimakhudza, kawirikawiri vuto ndi nickel, chitsulo china chomwe amakutira kapena kusakanizamo. Mayiko a European Union adaika malire pa nickel wa m'zinthu zokhudza khungu m'lamulo lomwe adakhazikitsa mu 1994, koma si katundu yense padziko amene amatsata lamulolo. Funsani musanagule.

Yezani chiuno, musadalire nambala ya thalauza

Tengani lamba amene mumavala kale, muyeze ndi tepi kuchokera pomwe chikopa chimapindikira pa chitsulo kufika pa bowo lomwe mumagwiritsa ntchito. Nambala imeneyo ndiye saizi yanu. Malamba a ku Ulaya amalembedwa 85, 90, 95, 100, kutanthauza masentimita kufika pa bowo lapakati. Ambiri amakhala ndi mabowo 5 otalikirana masentimita 2.5, ndipo inu muzimangira pa lachitatu, kuti mukanenepa kapena kuwonda mukhale ndi kothawira. M'lifupi, wa suti amakhala wa masentimita 3 mpaka 3.5, wa jinzi 3.8 mpaka 4. Pitani ku sitolo mutavala thalauza lomwe mudzavalire lambayo, chifukwa wa masentimita 4 salowa m'timalupu ta mathalauza ena a suti, ndipo zimapweteka kuzindikira izi mutafika kale kunyumba.

Khalani pansi muwerengetse

Tiyerekeze kuti pali malamba atatu. Woyamba ndi wotchipa, wa zinyenyeswa zija, amatha chaka chimodzi. Wachiwiri ndi wa mmisiri, chikopa chimodzi cha full grain ndi chitsulo cha mkuwa, mtengo wake kasanu kuposa woyambayo, ndipo akhala zaka 10. Wachitatu ndi wa dzina, mtengo wake ka 25 kuposa woyamba, nayenso timupatse zaka 10 zomwezo. Pa zaka 10 zimenezo, wotchipa uja mudzamugula ka 10, ndiye kuti wakudyerani kawiri kuposa wa mmisiri. Wa dzina wakudyerani kasanu kuposa wa mmisiri, pa ntchito yofanana yogwira thalauza.

Ikanimo mitengo yeniyeni yomwe mwapeza, muona kuti nkhani yake siisintha kwenikweni. Kuchoka pa wotchipa kufika pa wa mmisiri, ndalama iliyonse yomwe mwawonjezera ikugula zaka. Kupitirira apo, ikugula kamangidwe kosalala, utoto wokongola, ulemu wa m'sitolo ndi dzina. Zina mwa izi zimaoneka ndithu. Msoko wa lamba wabwino wa Hermès ndi wosiririka, sindingakane. Koma chikopa cha ng'ombe chili ndi polekezera kulimba kwake, pomwe mtengo ulibe polekezera.

Ena amati adzamugulitsa akatopa naye. Musawerengere kwambiri zimenezo. Lamba ali ndi saizi, amapindika motsata chiuno cha mwini wake, ndipo bowo lomwe mudazolowera limaonekera. Komanso mafashoni a zilembo zikuluzikulu amabwera n'kupita, pomwe chitsulo wamba cha makona anayi chimavalidwa chaka chilichonse.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mulibe lamba wabwino ngakhale mmodzi, yambani ndi wa mmisiri, wakuda kapena wofiirira motsata nsapato zanu. Wa dzina abwere pambuyo, ngati ndalama zake sizikusowetsani tulo, ndipo apambane mayeso a bowo, m'mphepete ndi chitsulo monga wina aliyense.

Mukasankha wa dzina, chenjerani ndi abodza

Malamba ali m'gulu la zinthu zomwe anthu achinyengo amakopera kwambiri, chifukwa ndi osavuta kupanga. Kabokosi, kathumba, lisiti ndi nambala yodindidwa kuseri, zonsezi amakopera. Louis Vuitton amagulitsa katundu watsopano m'masitolo ake okha ndi pa tsamba lake la intaneti, ndipo sachita zotsitsa mitengo, ndiye wina akakubweretserani "watsopano" pa theka la mtengo, yankho mwalipeza kale. Pogula wogwiritsidwa kale ntchito, pemphani zithunzi zapafupi za mabowo, za kuseri kwa chitsulo ndi za zilembo zodindidwa, ndipo mugwirizane kaye zoti mutha kubweza. Ngati ndi wa chikopa cha ng'ona, kumbukirani kuti malonda ake podutsa malire a mayiko amayendera pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, lotchedwa CITES, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1975.

Mukafika naye kunyumba

Ngakhale lamba wabwino chotani amafa msanga akamagona m'thalauza. Mukavula, musololeni, mumupachike pa chitsulo chake kapena mumukulunge momasuka. Ngati mungathe, khalani ndi awiri osinthanitsa, kuti thukuta liziuma. Musamange mothina kwambiri. Lamba amene akuchita kuluma pamimba ndiye amene amapindika kumbuyo n'kutambasula bowo.

Akanyowa, mupukuteni ndi nsalu n'kumusiya aume yekha pamthunzi. Padzuwa kapena pafupi ndi moto chikopa chimauma gwaa n'kung'aluka. Kamodzi kapena kawiri pachaka, wa chikopa chosakutidwa mupakeni mafuta a zikopa pang'ono chabe ndi kansalu, mutayesa kaye kuseri, chifukwa mafuta ambiri amadetsa mtundu ndipo akachuluka amafewetsa chikopa mpaka kutamuka. Wokutidwa ndi pulasitiki kapena wansalu uja samwa mafuta, kansalu konyowa n'kokwanira. M'nyengo ya chinyontho musamutsekere m'pepala la pulasitiki, amachita nkhungu.

Tsiku lomwe mudzafune bowo lina, musatenge msomali kapena nsonga ya mpeni. Msomali umang'amba timinyewa, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Pitani naye kwa wosoka nsapato aboole ndi chiboolero chozungulira cha saizi yofanana ndi mabowo enawo, pa mtunda wa masentimita 2.5 kuchokera pa lomaliza. Ngati lamba watalika kwambiri ndipo ali ndi timasikuluwu tija, ndi bwino kumudula cha ku chitsulo, mabowo n'kuwasiya momwe alili.